ANA A MU LIKULU APATSIDWE POSEWERERA

Sukulu zikatsekera, mabanja zikwizikwi a mu mzinda wa Lilongwe amakumana ndi funso limene silikambidwa kawirikawiri pa misonkhano ya Chipani kapena m'maofesi a ku Capital Hill, koma limene kholo lililonse limalidziwa bwino. Kodi mwana apite kuti, ndipo akachite chiyani, kuyambira m'mawa pamene bambo ndi mayi achoka kunka ku ntchito kufikira madzulo pamene abwerako? Kwa banja lopeza bwino yankho lake n'losavuta, pakuti malo olipira alipo ambiri, ndiponso galimoto yopitira kunyanja ku Salima ili pakhomo. Koma kwa mesenjala, mlonda, kalaliki, mphunzitsi wa ku pulayimale ndi mayi wogulitsa tomato mu msika, amene ndiwo ochuluka mu mzindawu, yankho lake lakhala msewu, mtsinje kapena kanyumba koonetsera mavidiyo. Nkhani imeneyi ndi ya chitukuko, ndipo Chipani pamodzi ndi Boma ziyenera kuitenga motero.

Ndi chinthu chodziwika kwa aliyense kuti Lilongwe wakula mofulumira kwambiri. Pa kalembera wa chaka cha 1966, tauni imeneyi inali ndi anthu osakwana 20,000. M'chaka cha 1968 Boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, ndipo m'chaka cha 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Pofika 1977 anthu anali atayandikira 99,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318. Ndiye kuti pa zaka 52 zokha chiwerengero cha anthu chinachuluka maulendo makumi asanu. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, oposa theka anali ana osakwana zaka 18. Motero aliyense wolankhula za anthu a mu Likulu adziwe kuti akulankhulanso za khamu lalikulu la ana.

Amene anajambula mapulani a mzindawu anafuna kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi kapinga. Anasiya nkhalango pakati pa tauni yakale ndi City Centre, anasiya malo m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ndiponso m'madera okhalamo anthu anapatula malo opanda nyumba kuti anthu azipumirapo mpweya ndi kuti ana azisewererapo. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kukula kwa mzinda kwadza ndi njala ya malo. Anthu oposa theka akukhala m'madera amene anamangidwa popanda mapulani, monga ku Mtandire, Chinsapo, Kauma ndi Mgona, kumene nyumba zinathithikana kotero kuti mpata wogonekapo miyala iwiri ya goli umasowa. Ndipo m'madera amene anali ndi mapulani, malo ena amene anasiyidwira ana lero pali mipanda ya njerwa, magalaja, mashopu ndi nyumba za lendi.

Pamwamba pa kusowa kwa malo pali kuchepa kwa ndalama m'matumba a makolo. Mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo ya ufa, sopo, mafuta ophikira ndi ya minibasi inakwera motsatira. Wogwira ntchito m'Boma wa giredi yotsika, akalipira lendi, madzi, magetsi ndi zofunika za kusukulu, satsala ndi kanthu koti n'kulipirira ana anayi pa chipata cha malo achisangalalo. Sichinthu chochititsa manyazi kunena zimenezi poyera. Chochititsa manyazi ndi kudziwa kuti zinthu zili chonchi koma osachitapo kanthu.

Mwana sangakhale chete tsiku lonse, pakuti kusewera ndiyo ntchito yake. Akasowa bwalo amasewera mu msewu wa phula, pakati pa maminibasi ndi akabaza a njinga zamoto. Akasowa madzi abwino amakasambira mu mtsinje wa Lingadzi kapena m'maenje amene oumba njerwa ndi okumba mchenga asiya, ndipo nyengo ya mvula maenje ameneŵa amadzaza madzi ndi kusanduka misampha ya imfa. Akasowa wom'fotokozera nthano amakakhala m'kanyumba kamdima koonetsera mavidiyo, mmene mwini wake amangofuna ndalama osasamala za msinkhu wa oonera. Anyamata okulirapo amaima pa makomo a nyumba zobetchera mpira ndi pa malo ogulitsira kachasu. Kenaka makolo ndi atsogoleri amadandaula kuti ana a masiku ano alibe mwambo, kuiwala kuti m'mera mpoyamba, ndipo kuti mwambo umaphunzitsidwa pa malo amene akulu akonzera ana.

Alipo ena amene anganene kuti dziko lili ndi mavuto aakulu kuposa ameneŵa, kuti m'zipatala mumasowa mankhwala, kuti njala imavuta m'midzi, ndipo kuti nkhani ya posewerera ana idikire kaye. Maganizo ameneŵa ayenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti mavutowo ndi enieni. Yankho loyamba ndi lakuti zambiri zofunika pa nkhaniyi sizilira ndalama zakunja kapena ngongole. Zimalira chilungamo pa kagawidwe ka malo, kiyi wotsekulira chipata ndi munthu wamkulu woyang'anira. Yankho lachiwiri ndi lakuti mwana wogundidwa ndi galimoto kapena womira m'dzenje amakathera ku chipatala chomwecho chimene chikusowa mankhwala. Yankho lachitatu ndi lakuti malo akagulitsidwa ndi kumangidwapo nyumba sabwereranso, kotero kuti kudikira ndiko kutaya. Ndiponso dziko la Malawi linavomereza m'chaka cha 1991 pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana, limene gawo lake la 31 limazindikira ufulu wa mwana wopuma ndi wosewera. Zimene dziko linalonjeza pamaso pa maiko ena liyenera kuzikwaniritsa ku Kawale ndi ku Chilinde.

Chosangalatsa ndi chakuti Likulu silikuyamba lopanda kanthu. Nkhalango ija imene oyambitsa mzinda anaisiya m'mbali mwa Lingadzi ikadalipo, ndipo m'kati mwake muli malo osamalira nyama zakuthengo a Lilongwe Wildlife Centre. Mwana wobadwira ku Biwi, amene sanaonepo nkhalango yachilengedwe, angathe kuyenda pansi pa mitengo ikuluikulu, kumva kulira kwa mbalame ndi kuona apusi, osatuluka mu mzinda. Chapafupi ndi Nyumba ya Malamulo pali munda wa Boma wosungiramo mitengo ndi maluwa a mitundumitundu, umene uli ndi mthunzi wokwanira mabanja ambiri. Banja litanyamula mkeka, mbatata yophika, chimanga chokazinga ndi botolo la thobwa, lingathe kukhala kumeneko tsiku lonse mokondwa.

Palinso malo amene amaphunzitsa mbiri ya dziko. Manda a mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, amene anatsekulidwa m'chaka cha 2006, ali ndi nsanamira zinayi zokumbutsa ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Nyumba ya Malamulo, imene inatsekulidwa m'chaka cha 2010, ili pafupi pomwepo, ndipo ana asukulu amene aphunzitsi awo akonza ulendo amatha kukaona mmene aphungu amakambirana za dziko. Ku Area 18 kuli chipilala chokumbukira asilikali amene anafera pa nkhondo. Mwana amene wayendera malo atatuŵa tsiku limodzi waphunzira zambiri kuposa zimene akanaloweza m'buku sabata yathunthu. Ku City Centre kuli likulu la National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1967 kuti Mmalawi aliyense, wolemera ndi wosauka, apeze buku lowerenga.

Pa zamasewera, Likulu lili ndi bwalo la Civo, bwalo la Silver, Kamuzu Institute for Sports ndi Bingu National Stadium, imene inatsekulidwa m'chaka cha 2017 ndipo mumalowa anthu oposa 40,000. Mu December 2022 mzindawu unalandira masewera a achinyamata a maiko a kumwera kwa Africa, ndipo chifukwa cha masewerawo kunamangidwa nyumba ya masewera a m'kati ndi dziwe losambiramo. Zonsezi zinamangidwa m'dzina la mtundu wa Amalawi, ndipo msonkho wa Amalawi ndiwo umazisamalira. N'kosayenera kuti zikhale zotseka masiku ambiri pa mwezi pamene ana akukankha chikulunga mu msewu kunja kwa mpanda.

Tsono ngati malo alipo, vuto lili pati? Vuto loyamba ndi mtunda. Lilongwe ndi mzinda wotambalala, ndipo malo ambiri otchulidwaŵa ali pakati, kutali ndi Area 25, Area 36, Area 23 ndi Chinsapo kumene kuli ana ochuluka. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likati lipite ndi kubwerako pa minibasi, ndalama ya ndiwo ya masiku angapo yatha lisanafike n'komwe pa chipata. Vuto lachiwiri ndi kusadziwa, pakuti makolo ambiri amaganiza kuti malo otere ndi a azungu ndi mabwana okha. Vuto lachitatu ndi kusasamalika kwa malo ena, kumene udzu wakula, zimbudzi zafa ndipo palibe mlonda. Mavuto atatuŵa akusonyeza njira imene iyenera kutsatidwa.

Choyamba, Khonsolo ya Mzinda pamodzi ndi Unduna wa za Malo ziwerenge malo onse amene mapulani anapatulira masewera ndi kupuma, dera ndi dera, ndipo mndandanda wake upachikidwe pa maofesi a khonsolo, pa sukulu ndi m'misika kuti munthu aliyense adziwe. Malo amene anthu akuwadziwa savuta kuwateteza. Amene amabedwa ndi aja amene mapepala ake ali m'kabati ya munthu mmodzi. Pamalo paliponse potere paikidwe chikwangwani ndipo m'malire mwake mubzalidwe mitengo. Wogwira ntchito m'Boma amene asainira kusintha bwalo la ana kukhala puloti ya munthu adziwe kuti walanda ana a dera lonse, kuphatikizapo amene sanabadwe, ndipo lamulo ligwire ntchito pa iye posayang'ana nkhope.

Apa mpofunika kulankhula mosabisa kwa atsogoleri a Chipani. Si zachilendo kumva kuti munthu wina, podzitcha wa chipani cholamula, wadula mapuloti pa malo a anthu onse, kapena akutolera ndalama pa malo amene si ake. Khalidwe limeneli laipitsa mbiri ya zipani m'dziko muno, ndipo ovota saliiwala tsiku la chisankho likafika. Chipani chimalamula chifukwa anthu anachikhulupirira, ndipo wapampando wa nthambi ndiye nkhope ya Chipani m'dera lake. Iye akhale woyamba kuimirira pamene wina abwera ndi zikhomo ndi chingwe kudzayeza bwalo la ana, ngakhale wobwerayo atavala nsalu ya Chipani. Ndiponso pa bwalo la ana pasafunsidwe kuti bambo wa mwanayo anavotera yani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachiwiri, mabwalo a sukulu za Boma atsekulidwe kwa ana a m'deralo Loweruka, Lamulungu masana ndi nthawi ya tchuthi. Pafupifupi dera lililonse la mzindawu lili ndi sukulu ya pulayimale, ndipo kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, sukulu zimenezi ndizo malo a Boma amene mwana wa munthu wamba amawadziwa bwino koposa. Mwana safunika minibasi kuti akafikeko. Aphunzitsi aakulu amaopa kuswedwa kwa magalasi ndi kubedwa kwa madesiki, ndipo mantha awo ndi omveka. Choncho komiti ya sukulu, mafumu a m'tauni, mipingo, mizikiti ndi mabungwe a amayi ndi a achinyamata agwirizane za anthu akuluakulu odalirika oyang'anira mosinthana, makalasi akhale okhoma, ndipo ana onse abwerere kwawo dzuŵa lisanaloŵe. Unduna wa Maphunziro upereke chilolezo cholembedwa kuti mphunzitsi wamkulu asaope kudzudzulidwa.

Chachitatu, madzi ndi zimbudzi zikhale patsogolo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha mliriwo. Kusonkhanitsa ana mazanamazana pa malo opanda chimbudzi ndi posamba m'manja ndi kuitana matenda. Aphungu ndi makhansala, pokonza kagwiritsidwe ntchito ka thumba la chitukuko cha m'madera, akumbukire kuti chimbudzi chimodzi chabwino, mpopi umodzi, zitsulo za goli ndi milongoti iwiri ya mpira wamanja ndi chitukuko chimene anthu amachiona ndi maso tsiku ndi tsiku.

Chachinayi, malo aakulu a pakati pa mzinda akhale ndi tsiku lodziwika pa mwezi pamene ana olowa ndi makolo kapena aphunzitsi awo salipira kanthu kapena alipira kangachepe, ndipo tsikulo lilengezedwe pa wailesi m'Chichewa. Sukulu za kutali zipatsidwe masiku awoawo, ndipo makampani amene amapeza phindu mu mzindawu apemphedwe kuthandiza ndi mabasi. Koma pokonza zaulere, akuluakulu asaiwale phunziro lowawa la pa 6 July, 2017. Pa tsikulo, pa chikondwerero cha zaka 53 za ufulu wodzilamulira, khamu la anthu linasonkhana pa Bingu National Stadium kudzaonera mpira waulere, zipata zinachedwa kutsekulidwa, anthu anapondana, ndipo anthu asanu ndi atatu anamwalira, asanu ndi awiri mwa iwo ana. Chinthu chaulere chimafuna dongosolo lalikulu kuposa cholipira. Zipata zitsekulidwe msanga ndipo zikhale zambiri, chiwerengero cha olowa chidziwike, ndipo achipatala akhale pafupi. Ndi bwino kukhala ndi zochitika zing'onozing'ono makumi awiri m'madera kusiyana ndi chimodzi chachikulu chokokera ana onse pa chipata chimodzi.

Chachisanu, mabuku apite kumene kuli ana. Si mwana aliyense angafike ku City Centre, koma bokosi la mabuku lingathe kufika ku Mtandire. National Library Service ithandizidwe kubwereketsa mabuku ku sukulu, ku mipingo ndi ku maholo a m'madera pa nthawi ya tchuthi, makamaka mabuku a m'zilankhulo za m'dziko muno. Aphunzitsi opuma pa ntchito, amene alipo ambiri mu mzindawu, ndiponso ophunzira a m'makoleji amene ali pa tchuthi, angathe kuwerengera ana pansi pa mtengo kwa ola limodzi kapena awiri. Munthu amene amawerenga ali wamng'ono savutika ndi mayeso akakula.

Pa zonsezi, makolo asaganize kuti chisangalalo cha mwana chimagulidwa m'sitolo. Makolo a dziko lino analera ana awo ndi masewera amene safuna tambala. Phada amafuna kamwala kafulati ndi mizere yolemba pa dothi. Fulaye amafuna kampira ka nsanza ndi botolo lodzazamo mchenga. Bawo amafuna maenje ndi timiyala, ndipo amaphunzitsa kuwerengera kuposa mmene ambiri amaganizira. Chipako, chibisalirano, jingo, nguli, masanje ndi magalimoto a mawaya zimalimbitsa thupi ndi kunola nzeru, ndipo nthano ndi zilapi za madzulo zimasunga chilankhulo ndi mwambo. Agogo amene akukhala m'tauni ndi nkhokwe ya zinthu zimenezi, koma ambiri angokhala pakhonde popanda wowafunsa. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene atchukitsa dzina la Malawi pa mpira wamiyendo wa amayi ku Ulaya ndi ku America, anayambira pa mabwalo a fumbi kwawo ku Rumphi. M'chaka cha 2024 Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku United States. Luso lotere lilipo ku Mchesi ndi ku Area 49, koma silingaoneke ngati palibe pokankhira mpira.

Ogwira ntchito m'Boma ali ndi udindo wapawiri, pakuti ndi antchito a anthu ndiponso ndi makolo. Bambo amene amathera Loweruka lonse ku malo omwera, ndi kusiya ana kwa mayi awo kapena kwa wantchito, asadabwe ana akadzakula osam'dziwa. Kuyenda ndi ana kukaona mtsinje, kukwera nawo phiri la Bunda kapena la Nkhoma pamene mpata ndi ndalama yoyendera zapezeka, kuwathandiza kukhoma galimoto ya mawaya, kapena kubzala nawo mtengo pa nyengo yobzala mitengo, imene imayamba mu December, ndi zinthu zimene mwana amazikumbukira moyo wake wonse. Kholo likaonekera pa bwalo, anthu a zolinga zoipa amatalikira, ndipo atsikana, amene kawirikawiri amatsekeredwa pakhomo ndi ntchito za m'nyumba, amapeza mpata wosewera mosaopa.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 dziko lino linali ndi Sabata ya Achinyamata, pamene ana asukulu ndi anthu a m'madera ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kuumba njerwa za sukulu. Nthawi zinasintha, ndipo lero palibe amene angakakamizidwe kugwira ntchito yotere, pakuti dziko lili mu ulamuliro wa zipani zambiri. Koma mzimu wodzithandiza sunathe ntchito. Anthu makumi atatu okhala ndi makasu, zikwanje ndi mawilibala angathe kusalaza bwalo, kukwirira maenje ndi kuchotsa magalasi osweka m'mawa umodzi wokha. Mutu umodzi susenza denga. Chofunika ndi mtsogoleri woitana anthu mwaulemu ndi kuyamba iye mwini kugwira khasu.

Choncho nthambi iliyonse ya Chipani mu mzinda wa Lilongwe iike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wake ukudzawu, ndipo iyankhe mafunso atatu. Kodi ana a dera lino amasewera pati? Kodi malowo ndi a yani pa mapepala a Boma? Kodi n'chiyani chingakonzedwe tchuthi chisanafike? Mayankho ake aperekedwe kwa khansala ndi kwa phungu, ndipo akuluakulu a khonsolo ndi a maunduna awalandire ndi kuwayankha m'nthawi yake. Zomwezi zichitikenso ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Zomba, pakuti vutoli ndi limodzi. Atsogoleri amene adzatchinjiriza bwalo limodzi m'dera lawo, ndi kulisiya lili ndi mitengo, madzi ndi ana osewera mwamtendere, adzakhala atagwirira ntchito Chipani, Boma ndi mtundu wonse wa Amalawi.